Dzenje Lathu Silinaphwanye Lamulo

Kuno kozizira,
9 Januwale.

Wokondedwa Chemwali,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino, iwe, alamu, ana ndi amayi. Ine ndili bwino, kungoti chisanu cha kuno chikufuna kundibudula makutu.

Ndakulembera kalata m'malo moimba foni chifukwa tsopano ndife kampani, ndipo nkhani za kampani zimayenda papepala. Usaseke. Chiphaso chija chatuluka! Boma latilola kukumba miyala yabuluu pachitunda cha kuseri kwa nyumba ya amayi, paja tinkadyetsa mbuzi tili ana. Katswiri amene ndinamulipira kuti akayeze akuti m'menemo muli chuma choti zidzukulu zathu zidzachita kutopa nacho.

Ndaikamo zonse zimene ndasunga chibwerere kuno. Ndatopa, mlongo wanga. Zaka zonsezi ndakhala ndikusambitsa ndi kudyetsa makolo a eni m'nyumba yosamalira okalamba, mpaka imvi zayamba kundimera ndili pa ntchito yomweyo. Mgodi ukangoyamba kubala ndikubwera, kubwereratu, ndidzakhale ndi amayi pakhonde.

Amuna ako ndawasankha kukhala Manijala. Ndikudziwa kuti bizinesi ya nkhuku inawakanika, ya minibasi nayonso, koma ndiye kuti tsopano zambiri akuzidziwa. Pali kachiganizo kamodzi kokha pachiphasopo kamene sikanandisangalatse. Akuti dzenje lisapitirire mamita khumi ndi awiri kuya kwake, kuyeza kuchokera pakamwa pake. Chonsecho katswiri akuti miyala yeniyeni ili pansi pa pamenepo. Ndawauza alamu kuti aganize mozama.

Undilembere zonse zimene zikuchitika.

Ndine mchimwene wako,
Dayilekitala Wamkulu.

*

Kushopu, pafupi ndi msika,
2 Febuluwale.

Okondedwa Achimwene, kapena tiziti a Dayilekitala,

Tonse tili bwino, kaya inu ndi makutu anuwo. Ndikulemba ndili pamakina, mayunifomu a sukulu andiunjikira, choncho mizere ikapindika musadabwe.

Katapila, chigalimoto chokumbira dothi, anafika Lolemba, anthu anasiya ntchito zawo kukaonerera. Alamu anu agula chipewa cholimba chachikasu ndipo sachivula. Amadya nacho, amamvera nacho wailesi, dzulo ndachita kuwalanda pakhomo la tchalitchi.

Kunabweranso woyendera migodi wa boma, bambo woonda wonyamula chingwe chokhala ndi chitsulo kunsonga. Ana amutcha kale Achingwe. Wakhoma chikhomo pakamwa pa dzenje, akuti mwezi uliwonse azimangirira chingwe pamenepo n'kuponya chitsulo pansi. Ine ndinamufunsa za kachiganizo kanu kaja. Akuti mukapitirira mamita khumi ndi awiri mupeza thanthwe lopyapyala, ndipo pansi pa thanthwelo ndi pamene pagona madzi amene tonse a mbali ino timatunga m'zitsime. Mukaliboola, madzi amathawa m'zitsime kuthamangira m'dzenje, ndipo mukayamba kuwapopa nthaka imatsika. Amayi anamva zonsezi ali chiimire ndi ndowa m'manja. Anayang'ana chitsime chimene anakumba malemu bambo, kenaka anayang'ana nyumba.

Achimwene, kumbani, lemerani, tikondwera nanu. Koma nyumba ija ndi chitsime chija ndi zokhazo zimene amayi ali nazo, ndipo dzenje lanu lili pafupi moti munthu ataponya mwala ali kukhitchini ukhoza kugweramo. Kachiganizoko mukasiye mmene kalili.

Magalasi a amayi athyoka mwendo, angomanga ndi ulusi. Kampani ikakhala ndi kangachepe mutikumbukire.

Ine mlongo wanu,
Telala wamba.

*

Ku Ofesi ya Manijala,
20 Malichi.

Olemekezeka Alamu, a Dayilekitala Wamkulu,

Choyamba landirani moni waulemu kuchokera kwa ine mwini, Manijala, ndi ogwira ntchito onse. Ofesi yathu pakadali pano ili pansi pa mtengo, koma mzimu wake ndi wa nyumba yosanja.

LIPOTI. Tafika pa mamita khumi ndi awiri. Miyala imene tapeza ndi yotuwa. Wogula miyala anaiika padzuwa, anaitembenuza, n'kundifunsa ngati ndikadali ndi nkhuku zoti zizimeza. Ndinamukhululukira.

Munandilamula kuti ndiganize mozama, ndipo ndaganiza mpaka mutu kutentha m'kati mwa chipewa. Alamu, chiphaso chikuti tiyeze kuchokera pakamwa pa dzenje. Sichikunena kuti pakamwapo pazikhala pomwe panali. Ndiye ndinauza wa katapila kuti amete chitunda chonse kuzungulira dzenjelo, mamita atatu, pasalale bwinobwino. Chikhomo cha woyendera tinachizula mwaulemu n'kuchikhomanso pakamwa patsopano. Dzenje la mamita khumi ndi awiri linasanduka la asanu ndi anayi, osakwiriramo ngakhale fosholo imodzi. Tinayambanso kukumba.

Woyendera anabwera Lachinayi. Ofesi yawo ilibe mafuta a galimoto, choncho tinachita kukamutenga. Anamanga chingwe, anaponya chitsulo, anawerenga, analemba kuti zonse zili m'malire. Sitinamupatse kanthu, Mulungu ndi mboni, ngakhale madzi akumwa anakana. Anangoyang'ana uku ndi uku n'kunena kuti malo ano akuoneka otakasuka masiku ano. Ndinamuyankha kuti ndi ukhondo.

Zofunika mwamsanga: dizilo, malipiro a anyamata, ndi mpando wozungulira, chifukwa Manijala wokhala pachidebe ogula samulemekeza.

Akazi anga, omwe ndi chemwali wanu, asakudetseni nkhawa. Ndi munthu wabwino, koma za migodi ndi za masiketi n'zosiyana.

Wanu pa chitukuko,
Manijala.

*

Kushopu,
18 Epulo.

Achimwene,

Moni. Ana ali bwino, amayi ali bwino m'thupi. Magalasi akadali a ulusi, koma mpando wozungulira wafika, alamu anu akuzungulira.

Chitunda chija chikutha. Ametanso kachiwiri. Amayi akuti dzuwa layamba kutuluka msanga, ndipo akaima kukhitchini akumaona mabasi pamsewu waukulu, chinthu chimene sanachionepo chikwatiwire pamalo paja. Dzenje likutsika, pakamwa pake pakutsika nalo limodzi, ndipo papepala silinakule n'kamodzi komwe.

Ndinawadikirira Achingwe panjira. Ndinati, "Bambo, kodi simukuona kuti chitunda chasowa?" Anati, "Mayi, ine anandituma za dzenje. Za zitunda ndi ofesi ina." Ndinati, "Nanga thanthwe lija munkanena lija?" Anavula chipewa, anakanda m'mutu, anati, "Ndinanena zoona, mayi. Koma pafomu yanga pali kabokosi kamodzi kokha, ka chingwe." Munthuyo si woipa, ndipo n'zimene zikundipsetsa mtima kwambiri. Akanakhala wakuba bwenzi ndikudziwa pomugwira.

Pansi pa dzenje payamba chinyontho, anyamata akutuluka ndi matope m'maondo. Madzi a m'chitsime cha amayi atsika. Chingwe cha ndowa sichikufikanso, ndachita kuchilumikiza ndi zidutswa za nsalu ya yunifomu. Kunyumba sitikuyankhulana bwino ndi alamu anu. Ndikati ndiyambe nkhaniyi amati ndiyambe ndapempha tsiku loonana ndi Manijala.

Ndikukupemphani, osati ngati telala koma ngati mwana wa mimba imodzi ndi inu, auzeni aime pomwe afikapo. Inu akumverani, ndinu mukutumiza dizilo.

Mlongo wanu.

*

Kuno kozizira,
25 Meyi.

Chemwali wanga,

Moni kwa nonse. Kalata yako ndaiwerenga kawiri pa nthawi yopuma, ndipo ndamvetsa chimene chikukuwawa. Ndinalakwa kupatsa amuna ako udindo iwe n'kukusiya pamakina. Kuyambira lero ndiwe Mlembi Wamkulu wa Kampani. Ndatumiza chidindo chako pamodzi ndi chingwe chatsopano cha chitsime, cha nayiloni, chachitali zedi. Vuto la chitsime lathera pamenepo.

Za lamulo usade nkhawa. Malipoti onse a woyendera ndili nawo m'fayilo, alibe banga. Kodi iwe ukuwadziwa madzi kuposa boma? Ndinamufotokozera mnzanga wina kuno nzeru ya alamu ija, anaseka mpaka kukhala pansi, akuti munthu ngati ameneyo kwawo akanakhala nduna.

Uwauze amayi apirire pang'ono. Ndidzawamangira nyumba ya mipopi m'kati, madzi otentha mbali iyi, ozizira mbali iyo. Zitsime n'zachikale.

Pali gogo wina kuno amene ndimamusambitsa m'mawa uliwonse. Amandigwira dzanja n'kumanditchula dzina la mwana wake amene sabwera kudzamuona. Ndikatuluka m'chipinda mwake ndimakaima kubafa kanthawi mpaka maso aume. Sindikufuna kufera kuno, mlongo wanga. Ukamandiuza kuti tiime, ukundiuza kuti nditsale.

Magalasi ndaiwala, ndidzatumiza ulendo wina.

Mchimwene wako,
Dayilekitala Wamkulu.

*

Ku Ofesi ya Manijala,
1 Julayi.

Olemekezeka Alamu,

Moni waulemu ngati kale, koma lero wowonjezera.

LIPOTI LA CHISANGALALO. Taboola thanthwe! Pansi pake tapeza mwala wabuluu weniweni, waukulu ngati chala chachikulu cha kuphazi. Wogula atauona anasiya nthabwala za nkhuku, ananditchula kuti bwana. Chithunzi ndaikamo, amene waugwirayo ndine.

Pali kavuto kakang'ono. Pamodzi ndi mwalawo patuluka madzi. Poyamba ankatuluka mwaulemu, koma tsopano akubwera ndi abale awo. Pampu imene tinabwereka ikulira osapuma, tikapopa m'mawa pofika masana abwerera pomwe anali. Pakufunika pampu yaikulu ya mapaipi onenepa, sabata ino isanathe ngati n'kotheka.

Anthu oyandikana nafe anabwera chigulu kudzadandaula kuti zitsime zawo zauma. Ndinawalandira ndili pampando. Ndinawafotokozera kuti madzi awo sanatayike, ali kwa ife, ndipo kampani mwa chifundo chake ikuwalola kutunga kumapeto kwa paipi kwaulere. Ena akuti akununkha dizilo. Ndinawalangiza kuti akawasiya m'ndowa kanthawi dizilo amayandama, n'kungomuyengula ndi supuni. Mayi wina anandigenda ndi ndowa, koma chipewa chinagwira ntchito yake.

Woyendera anabwera titameta kachitatu. Chingwe chinati mamita khumi ndi imodzi ndi theka. Anapempha kuti aimirire patali pang'ono chifukwa nsapato zake n'zobooka.

A Mlembi Wamkulu akana kudinda lipotili. Chidindo achiika pansi pa mwendo wa makina osokera kuti asamagwedere.

Wanu pa chitukuko,
Manijala.

*

Kushopu,
12 Ogasiti.

Achimwene,

Moni ndikupatsani chifukwa amayi anatilera choncho. Foni ndaimba kangapo, mumangoti muli pantchito, ndilembe. Ndiye ndalemba.

Chingwe chanu cha nayiloni chafika pansi penipeni. Ndowa ikubwera ndi mchenga, dzana inabwera ndi chule wakufa. Chitsime chauma, achimwene. Amayi akusamba ndi kapu, madzi ake ndimachita kuwatengera panjinga kuchokera kumpopi wa kumsika. Inu uko mukusambitsa amayi a eni ndi madzi otentha. Chiganizo chimenechi ndalemba dala, ndipo sindichifufuta.

Chiyambire kulira pampu yaikulu ija, nyumba yayamba kung'aluka. Mng'alu woyamba unali kukhitchini, wongolowa singano. Tsopano ndikulowetsamo dzanja, ndipo wina watsika kuchokera pazenera la kuchipinda mpaka pansi. Chitseko cha kumaso sichikutsekeka, amayi akuchita kutsamiritsa tebulo. Pabalaza papendekeka, ukaika botolo pansi limagubuduka lokha kulowera kudzenje.

Ndayenda m'maofesi mpaka nsapato kutha. A zamadzi akuti dzenje ndi la a zamigodi. A zamigodi anatulutsa fayilo, akuti mgodi wathu ndi umodzi mwa migodi yomvera malamulo kwambiri. A zanyumba akuti adzabwera nyumbayo ikagwa, chifukwa fomu imene ali nayo ndi ya nyumba zakugwa.

Ndawapempha amayi asamukire kuno kumsika, akana. Akuti mwana wawo akabwera asadzapeze pakhomo popanda munthu. Zimitsani pampu. Sindikupempha udindo, sindikupempha chingwe, ndikuti zimitsani pampu.

Kalatayi ndapatsira mwana wa a kalipentala amene akubwerera kumeneko, kuti ifike msanga kusiyana ndi ya papositi.

Mlongo wanu.

*

Kuno kozizira,
29 Okutobala.

Chemwali,

Moni. Kalata yako ya Ogasiti yandipeza dzulo. Mwana wa a kalipentala anaiiwala m'thumba la jekete, waipeza pochapa. Poti papita nthawi ndipo sindinamve zoipa, ndikhulupirira kuti zinthu zinakhazikika. Alamu m'malipoti awo akuti nyumbayo ikungodziwongola, nyumba zakale zimatero.

Mawu ako a madzi otentha andibaya, chakudya chinandikanika. Koma taganiza. Tikazimitsa pampu lero dzenje lidzaza, miyala itsalira pansi, ndipo zaka zanga zonse za kuno zimira nayo limodzi. Alamu akuti pakangotha mwezi umodzi tifika pa mtsempha waukulu wa miyala. Mwezi umodzi wokha! Ndatumiza ya simenti yomatira ming'alu ndi ya penti, usankhe mtundu umene amayi angakonde. Magalasi ndaikamonso, waona kuti ndakumbukira.

Tsopano nkhani yabwino. Ndasiya ntchito. Ndawatsanzika onse, gogo uja analira, ine ndinalimba mtima. Tikiti ndagula, yopita kokha, ndikufika pa 20 Disembala. Uwauze amayi andikonzere chipinda changa chakale chija cha kuseri, chimene zenera lake limayang'ana kuchitunda. Ndikufuna ndizidzuka m'mawa n'kumaona mgodi wanga ndili pabedi.

Mchimwene wako amene akubwera,
Dayilekitala Wamkulu.

*

Ku Ofesi ya Manijala,
24 Novembala.

Olemekezeka Alamu,

Moni waulemu. Lipotili likhala lalifupi chifukwa ndikulembera pabondo, mpando unapita ndi madzi.

Mvula yoyamba itagwa, khoma la dzenje la mbali ya kunyumba linagumuka n'kukwirira pampu, mapaipi ndi mtsempha waukulu uja, umene ndikutsimikiza kuti tinangotsala pang'ono kuufika. Palibe anavulala, anyamata onse anali atandizungulira kuofesi kufunsa za malipiro awo. Madzi adzaza mpaka pakamwa. Wa katapila watenga katapila wake, wogula sakuyankha foni.

Koma si zonse zoipa. Woyendera anabwera dzana. Chikhomo chinapita, choncho anamangirira chingwe kumtengo wa ofesi. Chifukwa cha dothi limene linagumukiramo, chitsulo chinagunda pansi pa mamita asanu ndi awiri okha. Anandigwira chanza. Akuti pa migodi yonse imene amayendera, wathu wokha ndi umene ukucheperachepera kuya, ndipo atitchula m'lipoti la pachaka ngati chitsanzo chabwino.

Ndaganizanso mozama. Tili ndi dziwe, tili ndi chiphaso chopanda banga. Alamu, munayamba mwaganizapo za nsomba?

Akazi anga andiuza kuti ndiyambe ndagona kuofesi mpaka mtima wawo utsike. Za nyumba akulemberani amayi okha, akuti ndisayerekeze kuzikhudza.

Wanu pa chitukuko,
Manijala.

*

Kushopu ya mlongo wako,
3 Disembala.

Mwana wanga,

Ndine mayi ako. Ndikulemba ndekha, magalasi aja afika, zikomo. Afika nthawi yabwino, ndaonera bwinobwino zimene zatsala.

Uli bwanji? Ukudya? Pachithunzi chako chomaliza unaoneka woonda.

Wati ndikukonzere chipinda chako. Chipinda chako chinapita tsiku limene kunagwa mvula, chinatsetsereka ndi bedi lomwe kulowa m'dzenje mwako. Khitchini inatsatira masana ake. Ine ndinali pabwalo ndikutchera mabeseni pamvula, poti madzi ndinali nditawasowa, ndiye kupulumuka kwanga. Zipinda ziwiri zimene zatsala zapendekeka, ndipo a zanyumba abwera tsopano ndi fomu yawo, akuti musalowe munthu. Penti tinali titapaka kale. Nyumbayo yagwa ili yokongola, yobiriwira.

Sindinalire pamaso pa anthu. Ndinalira nditaona chitsime cha bambo ako chitadzaza matope. Anakumba chija ndili ndi mimba yako, iwo pansi, ine pamwamba ndikukoka dothi ndi ndowa. Ndakwiya nawe, mwana wanga, ndipo usaganize kuti ukabwera ndi sutikesi ya zovala ndiiwala. Mlongo wako anakuuza, iwe unamutumizira chidindo. Alamu ako akuti palibe lamulo limene laphwanyidwa. Ndawauza kuti chabwino, akagone m'lamulomo.

Mlongo wako akuti ndikuuze ubweze tikiti, ukapemphenso ntchito yako, chifukwa kuno ulibe pofikira. Ine ndakana. Ndadikira nthawi yaitali. Bwera.

Ukatsika basi usalowere njira ya kwathu, kulibenso kwathu. Ufunse shopu ya telala pafupi ndi msika. Kunyumba kwa mlongo wako ana adzaza, choncho ine ndimagona kushopu kuno, pansi pa tebulo lodulirapo nsalu, paja amaunjika zidutswa. Malo ake ndi a munthu mmodzi. Ndidzasendera kukhoma.

Mayi ako.